Git ndi ma GIT_CONFIG ake: zimagwira bwino zedi, koma malangizo ake anandigoneka mochedwa

Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za code, ndakhala ndikuigwiritsa ntchito zaka zambiri ndithu ndipo sindinaganizepo zolemba maganizo anga pa iyo, chifukwa aliyense wolemba code amaidziwa kale ndiye ungauze ndani. Koma mwezi wathawu zinandichitikira zinazake pa seva ya kasitomala wina mpaka ndati ayi, izi ndilembe basi, mwina zingapulumutse mnzanga wina usiku umodzi. Sindikukamba za Git yonse ayi, ndikukamba kagawo kamodzi kokha, ma environment variable, mayina omwe umawapatsa mtengo kuti pulogalamu iwawerenge ikamayamba, makamaka aja omwe amauza Git kuti iwerenge fayilo ya config (ya makonzedwe ake) iti ndi kusiya iti, komanso momwe zinthuzi zinalembedwera mu malangizo ake. Kagawo kameneka ambiri sitikayang'ana nkomwe mpaka tsiku lomwe zavuta.

Ndinene kaye kuti Git ndimaikonda ndi mtima wonse. Kuchokera pomwe Linus Torvalds anaiyamba mu April 2005, kenako n'kuisiya m'manja mwa Junio Hamano chaka chomwecho, chinthuchi chakhala chaulere ndipo chimagwira pa laputopu yakale ngati momwe chimagwirira pa seva yodula. Kuno kwathu komwe netiweki imatha kuzimiririka pakati pa ntchito ndipo bandulo timachita kuiwerengera, kukhala ndi chida choti ukhoza kupanga commit (kusunga zomwe wasintha), kuona mbiri yonse, kusintha branch (nthambi ya ntchito) popanda intaneti ndi dalitso lalikulu. Ndiye zomwe ndidandaule pansipa ndikudandaula ngati munthu wa m'nyumba, osati wodutsa.

Kwa amene simunazilondole bwino, Git siwerenga fayilo imodzi ya config ayi. Imayamba ndi ya makina onse, yotchedwa system, yomwe pa Linux nthawi zambiri imakhala /etc/gitconfig ndipo pa Windows ili mkati mwa foda ya Program Files momwe Git inakhazikidwa. Kenako imabwera ku ya munthu payekha, yotchedwa global, ndipo apa pali malo awiri, ~/.config/git/config ndi ~/.gitconfig ija tonse timaidziwa. Kenako ya repo (foda ya ntchito yomwe Git ikusunga mbiri yake) yomwe muli, .git/config. Pamapeto pake zomwe mwalemba pa command ndi -c. Yomwe yawerengedwa pambuyo ndi yomwe imapambana. Zili ngati lamulo la mudzi, la pakhomo, ndi la m'chipinda mwako, loyandikira kwambiri ndi lomwe limamveka. Dongosolo limeneli ndi labwino ndipo silinandikhumudwitsepo. Vuto limabwera ukafuna kunena kuti "lero usawerenge ya pakhomo, werenga iyi ndakupatsayi".

Nkhani yake inali yotere. Kasitomala ali ndi seva imodzi yomwe imachita zambiri, ndipo anandipempha sikiripiti yoti usiku uliwonse izikopera repo mwatsopano ndi clone, kuikamo mafayilo a data a tsikulo, kupanga commit n'kupusha, kutanthauza kutumiza zosinthazo komwe repo yachokera. Zosavuta eti. Koma akaunti yomwe sikiripitiyo imayendera pa seva ndi yakale, anthu angapo anaigwiritsapo ntchito, ndipo mu ~/.gitconfig yake muli dzina ndi imelo ya munthu wina wa ku ofesi kwawo, komanso muli mzere wa insteadOf womwe umatembenuza adiresi iliyonse ya https kukhala ya ssh. Munthuyo amaigwiritsabe ntchito akauntiyo ndiye kufufuta fayilo yake sikukanakhala ulemu, komanso si yanga. Kulemba mu .git/config sikukanathandiza pa clone chifukwa nthawi imeneyo repo imakhala isanabadwe. Ndiye ndinati chabwino, ndipanga fayilo yanga ya config yaing'ono, dzina la sikiripiti, imelo yake, basi, kenako ndiika variable ya GIT_CONFIG_GLOBAL kuti iloze kumeneko.

Pa laputopu yanga zinayenda bwinobwino ulendo woyamba womwe. Ndili ndi Ubuntu 24.04 yomwe imabwera ndi Git 2.43, ndipo GIT_CONFIG_GLOBAL ikaikidwa Git imasiya mafayilo onse awiri a munthu payekha aja, siwerenga ~/.gitconfig komanso siwerenga ya mu ~/.config, imangotenga yomwe waiuza. Ndinasangalala, ndinaika sikiripiti pa seva, ndinaikonza kuti iziyamba yokha usiku, ndinapita kukagona.

M'mawa mwake palibe chomwe chinapushidwa. Ndinayendetsa sikiripiti ndi manja ndipo inangoima pa clone osasuntha, chifukwa imayesa kudutsa pa ssh pomwe ine ndinalemba https, ndipo njira ya ssh yotuluka pa seva imeneyo ku malo omwe ndimafuna inali yotseka. Nditailambalala mbali imeneyo kuti ndione zotsatira, commit inatuluka ndi dzina la munthu wa ku ofesi uja. Apa ndiye mtima unandipweteka kwenikweni, chifukwa kulemba dzina la munthu pa ntchito yomwe sanachite si nkhani yaing'ono, mawa data ikalakwika afunsidwa ndi iyeyo pomwe anali mtulo kwawo. Ndinayang'ana sipelo ya variable kangapo, ndinapanga echo, inalipo, fayilo inalipo, ma permission anali bho. Git sinanene kalikonse, palibe error, palibe chenjezo, inangopitiriza ngati sindinaiuze kanthu.

Chomwe chinanditsegula maso ndi china. Ndinalemba git config --list --show-scope kuti ndione mzere uliwonse ukuchokera gawo liti, ndipo Git inakana pompo kuti option imeneyo siikuidziwa. Ndi pamene ndinalemba git --version, chinthu chomwe ndimayenera kuyambira, ndipo inatuluka 2.25.1. Seva ija ndi Ubuntu 20.04. Option ya --show-scope inabwera mu 2.26 mu 2020, ndipo GIT_CONFIG_GLOBAL ndi mnzake GIT_CONFIG_SYSTEM anabwera mu 2.32, June 2021. Ndiye Git ya pa seva sinali yowonongeka, inali yoti dzina limeneli sinalimvepo chibadwire.

Apa ndi pomwe pagona dandaulo langa lalikulu, ndipo ndikufuna ndilifotokoze bwino chifukwa ndi kusiyana komwe ambiri sitikuganizira. Ukapatsa pulogalamu option yomwe siidziwa, imakuuza, imakana, umadziwa pomwepo kuti pali vuto. Koma environment variable ndi yosiyana, pulogalamu imangofunsa mayina omwe ikuwadziwa, ena onse siwaona nkomwe. Sikuti Git inalakwa, pulogalamu iliyonse imatero, singachenjeze za dzina lomwe lidzapangidwe chaka chamawa. Koma chifukwa choti zili choncho, malo okhawo omwe munthu angachenjezedwe ndi mu malangizo. Ndipo mukatsegula malangizo a git-config pa git-scm.com, pa gawo la ENVIRONMENT, muwerenga bwinobwino zomwe GIT_CONFIG_GLOBAL imachita koma pambali pake simupeza kamzere konena kuti yayamba mu vesheni yakuti. Kamzere kamodzi kokha kakanandipulumutsa. Zoona, pamwamba pa tsamba pali poti usankhe vesheni ya malangizo, ndipo mu ma release note zinalembedwa, koma ndani amene amayamba kufufuza release note za 2021 pomwe chinthu chagwira kale pa laputopu yake. Malangizo a Python mwachitsanzo amakuuza pansi pa chinthu kuti chinaonjezedwa mu vesheni iti, ndipo ndi chizolowezi chomwe ndikanakonda Git ikanatengera makamaka pa ma variable awa omwe amalephera mwakachetechete.

Ndipo musaganize kuti ndi ine ndekha amene ndili ndi makina akale. Debian 11 ili ndi 2.30.2, yomwenso ilibe GIT_CONFIG_GLOBAL. CentOS 7 ija yomwe yakhala pa maseva ambiri zaka zonsezi inali ndi 1.8.3.1. Makasitomala ambiri omwe ine ndimawagwirira ntchito sasintha seva ngati ikuyendabe, ndalama zake zimapita kwina, ndiye wolemba code amakhala ndi Git yatsopano m'chikwama ndi Git yakale ku ntchito, ndipo malangizo omwe amawerenga pa intaneti ndi a yatsopano.

Nditadziwa zimenezo ndinati basi ndiwerenge malangizo a pa seva pomwepo, omwe amatuluka ukalemba man git-config, chifukwa amenewo ndi a vesheni yomwe ndikulimbana nayo. Ndipo apa ndinagwanso mu dzenje lachiwiri, lomwe kwa ine ndi loipa kuposa loyamba. Mu malangizo a vesheni imeneyo muli variable yotchedwa GIT_CONFIG, dzina lalifupi lokongola, ndipo kufotokoza kwake kumamveka ngati ukaiika Git izitenga config kuchokera mu fayilo yomwe wanena. Ndinaiika. Ndinalemba git config --list kuti nditsimikize, ndipo zinatuluka ndendende zomwe zili mu fayilo yanga, dzina la sikiripiti, imelo yake, insteadOf uja kulibe. Ndinapuma mpweya wa pansi. Ndinayendetsa commit yoyesera, dzina la munthu wa ku ofesi uja linabweranso.

Chomwe chimachitika ndi choti GIT_CONFIG imamveredwa ndi command imodzi yokha, git config. Ili ngati kulemba --file basi. Git commit, git clone, git push onsewa saiona. Ndiye taganizani, chida chomwe umagwiritsa ntchito poyeza ngati zatheka ndi chokhacho chomwe chimakuuza kuti zatheka, ena onse akuchita zakale. Msampha woterewu ndi wovuta kuuzindikira chifukwa wachita zoyenera, wayesa, waona ndi maso ako. Ndiwayamikire opanga Git apa kuti mu 2021 anakonza mawuwo, ndipo malangizo atsopano amanena poyera kuti variable imeneyi ilibe mphamvu pa ma command ena, inangotsala chifukwa cha mbiri yakale, ndipo palibe chifukwa chenicheni choigwiritsira ntchito m'malo mwa --file. Kulemba kotereku ndi komwe ndimafuna, kunena osati zomwe chinthu chimachita zokha komanso zomwe sichichita. Kungoti amene akufunikira kwambiri chenjezolo ndi amene ali pa Git yakale, ndipo chenjezolo lili mu malangizo a yatsopano.

Njira yomwe inanditulutsa ndi yakalekale yomwe imagwira pa vesheni iliyonse. Git imapeza ~/.gitconfig poyang'ana HOME, variable yomwe imanena foda ya mwini akaunti, ndiye ukasintha HOME pa command imeneyo yokha n'kuloza ku foda ina, imakawerenga .gitconfig ya mu foda imeneyo. Ndinapanga foda ya sikiripiti, ndinaikamo .gitconfig yanga, kenako mu sikiripiti ndinaika HOME kuti iloze kumeneko, XDG_CONFIG_HOME, yomwe imalowa m'malo mwa ~/.config, ndinailozetsanso komweko kuti isakatenge zina kumbali, ndi GIT_CONFIG_NOSYSTEM=1 kuti isiyenso /etc/gitconfig. Iyi ya NOSYSTEM ndi yakale ndipo inalipo pa 2.25.1. Ndinayang'ana ndi git config --list --show-origin, yomwe yakhalapo kuyambira 2.8 mu 2016 ndipo imakuonetsa fayilo yeniyeni yomwe mzere uliwonse wachokera, kenako ndinapanga commit yoyesera n'kuona git log, dzina linali la sikiripiti. Inali itadutsa 1 koloko ya usiku.

Koma kusintha HOME si njira yaukhondo ayi, ndipo ndi chifukwa chake ndimayamikira kuti GIT_CONFIG_GLOBAL inabwera. HOME siigwiritsidwa ntchito ndi Git yokha. Ngati mumasunga mapasiwedi mu ~/.git-credentials, Git ikawafuna ku HOME yatsopano ndipo sikawapeza. Ngati mumasaina ma commit ndi gpg, makiyi ake nawonso amafunidwa pansi pa HOME pokhapokha mutaika GNUPGHOME. Pomwe ssh yokha imachita zosiyana, OpenSSH imapeza foda ya .ssh kuchokera mu mbiri ya akaunti pa makinawo osati mu HOME, ndiye makiyi a ssh amakhalabe a akaunti yeniyeni ngakhale mwasintha HOME. Zoterezi umafunika kuzisunga m'mutu zonse pomwe chomwe umafuna ndi kungosintha fayilo imodzi. Ndi GIT_CONFIG_GLOBAL umakhudza config ya Git yokha basi, zina zonse zimakhala m'malo mwake. Ndipo ukafuna Git yoyera yopanda za munthu aliyense umangoika GIT_CONFIG_GLOBAL=/dev/null ndi GIT_CONFIG_SYSTEM=/dev/null, zomwe malangizo amanenanso momveka. Ndikamathandiza mnzanga yemwe akuti Git yake ikuchita zachilendo, chinthu choyamba ndimamuuza ayese zimenezi, zikasiya kuvuta ndiye tadziwa kuti vuto lili mu config yake osati mu repo. Mphindi imodzi yokha mwadula theka la kufufuza.

Pali ina yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndipo ndimaona kuti anthu ochepa ndi omwe amaidziwa, GIT_CONFIG_COUNT ndi ana ake GIT_CONFIG_KEY_0, GIT_CONFIG_VALUE_0 ndi kupitirira. Izi zinabwera mu 2.31, March 2021, ntchito ya Patrick Steinhardt yemwenso anabweretsa GLOBAL ndi SYSTEM zija. Umaika COUNT kukhala 2, kenako KEY_0 ndi VALUE_0, KEY_1 ndi VALUE_1, ndipo Git imazitenga ngati config popanda kulemba fayilo iliyonse. Mungafunse kuti nanga -c siichita zomwezo. Imachita, koma zomwe walemba pa command line aliyense amene ali pa makina omwewo akhoza kuziona ndi ps, yomwe imaonetsa mapulogalamu oyenda, nthawi yomwe command ikuyenda, ndiye ngati waika tokeni (chinsinsi cholowera ngati pasiwedi) mu http.extraHeader kudzera pa -c wayanika chinsinsi pa chingwe cha panja. Pomwe environment ya process pa Linux imawerengedwa ndi mwini wake ndi root basi. Pa seva ngati ya kasitomala wanga uja yomwe anthu angapo amalowa, kusiyana kumeneku ndi kwenikweni. Mu vesheni yomweyo munabweranso --config-env yomwe umangotchula dzina la variable momwe muli chinsinsicho. Ndipo chomwe chimandisangalatsa ndi choti apa anaganiza za munthu wolakwitsa, ukati COUNT ndi 2 koma KEY_1 waiwala, Git imakana ndi error, siingopitirira. Kuwerenga kumayambira pa 0 osati 1, ichi chokha kumbukirani. Ma variable a COUNT amenewa amaposa mafayilo onse a config koma -c imawaposa, ndipo malangizo amanena dongosolo limeneli m'mawu ochepa omveka bwino. Gawo limeneli linalembedwa bwino zedi, ndilibe nalo mawu.

Chomwe sichinalembedwe mokwanira kwa ine ndi chithunzi chonse pamodzi. Nkhani ya "kodi mtengo uwu wachokera kuti" inamwazikana. Zina zili mu man git, pa mndandanda wautali wa ma variable omwe ndi ambirimbiri, zina mu man git-config pansi pa FILES, zina pansi pa ENVIRONMENT, zina pansi pa SCOPES, ndipo zina zili pa kufotokoza kwa setting iliyonse payokha. Chifukwa pali gulu linanso la ma variable omwe sasintha fayilo yowerengedwa koma amangoposa zomwe zili mu fayilo. GIT_AUTHOR_NAME ndi GIT_AUTHOR_EMAIL zimaposa user.name ndi user.email. GIT_SSH_COMMAND imaposa core.sshCommand. GIT_EDITOR imaposa core.editor, koma core.editor imaposa VISUAL ndi EDITOR. Ndiye ukhoza kulemba git config user.email n'kuona imelo yolondola, koma commit n'kutuluka ndi ina chifukwa wina anaika GIT_AUTHOR_EMAIL mu .bashrc zaka zitatu zapitazo, ndipo --show-origin siikuonetsa zimenezo popeza sizili mu config. Apa chomwe chimathandiza ndi git var GIT_AUTHOR_IDENT, imakuuza dzina ndi imelo zomwe Git igwiritsedi ntchito ikaphatikiza zonse. Usiku uja ndikanaidziwa bwino command imeneyi msampha wa GIT_CONFIG ndikanauona msanga osachita kupanga ma commit oyesera. Kuyambira 2.42 mu 2023 git var imathanso kukuuza malo a mafayilo a global ndi system, zomwe ndi zabwino kwambiri makamaka pa Windows pomwe anthu amasochera kuti .gitconfig yawo ili kuti.

Ndinene pang'ono za mafayilo awiri a global aja chifukwa nawonso amasokoneza. Ya mu ~/.config/git/config inabwera mu 1.7.12 mu 2012. Onse awiri akakhalapo Git imawerenga onse, ndipo ~/.gitconfig ndi yomwe imapambana pakakhala kusemphana. Polemba ndi --global imalemba mu ~/.gitconfig, kupatula ngati fayilo imeneyo kulibe koma ina ija ilipo. Ndiye munthu amasamutsira zonse ku ~/.config kuti home yake ikhale yaudongo, kenako pulogalamu ina imadzapanga ~/.gitconfig yatsopano, kuyambira pamenepo zosintha zake zonse zikupita ku fayilo yomwe iye akuganiza kuti kulibe. Izi zinalembedwa mu malangizo, sindikukana, koma umafunika kuwerenga ziganizo ziwiri zitatu mofatsa kuti uzigwire.

Ndipo sudo, abale. Ukayendetsa sudo git chakuti, nthawi zambiri HOME imakhala ya root, akaunti yolamulira makina onse, ndiye config yako yonse yatsalira. Pa ma service ena HOME imakhala kulibiretu ndipo git config --global imakana kuti HOME siinaikidwe. Apa bola imakana mokweza.

Chinanso chomwe chimakumana ndi nkhaniyi ndi safe.directory. Mu April 2022, ndi vesheni 2.35.2, Git inayamba kukana kugwira ntchito mu repo yomwe mwini wake ndi akaunti ina, pofuna kutseka bowo la chitetezo la CVE-2022-24765, ndipo ambiri tinaona uthenga wa dubious ownership uja mu ma container, timabokosi toyendetseramo mapulogalamu padera. Mankhwala ake ndi kuika safe.directory, koma setting imeneyi siimveredwa ikakhala mu .git/config ya repo yomweyo, ndipo ndi zomveka, repo yokayikitsa singadzichitire yokha umboni. Imayenera kukhala ku global kapena system, kapena pa -c mu mavesheni atsopano. Ndiye ngati mwaika safe.directory mu ~/.gitconfig kenako mu sikiripiti mwaika GIT_CONFIG_GLOBAL=/dev/null, mwaitayanso, uthenga uja ubwerera. Si cholakwika cha Git, ikuchita zomwe mwaiuza, koma ndi zinthu ziwiri zolembedwa pa malo osiyana zomwe umaziphunzira zikakumana pa iwe.

Ndisaiwale kunena kuti si nthawi zonse pomwe ma variable ndi yankho. Ngati vuto lanu ndi longofuna imelo ya ku ntchito pa ma repo a ku ntchito ndi yanu pa ma repo anu, musavutike ndi environment. Pali includeIf yomwe inabwera mu 2.13 mu 2017, mumalemba mu ~/.gitconfig kuti repo ikakhala pansi pa foda yakuti iwerengenso fayilo yakuti. Ine pa laputopu ndili ndi foda ya kasitomala aliyense ndi kafayilo kake, sindiganizanso za imelo. Kumbukirani kaslash ka kumapeto kwa dzina la foda pa gitdir, pomwe mumalemba fodayo mu mzere wa includeIf, popanda iko sizigwira pa ma repo a mkati. Ma variable ndi a ma sikiripiti, ma container ndi malo omwe simukufuna kudalira fayilo ya munthu wina.

Ndikanati ndipereke nyenyezi, chida chenichenicho ndikanachipatsa 5 mwa 5 osaganiza kawiri, chifukwa chilichonse chomwe ndimafuna chilipo ndipo chinapangidwa moganizira. Malangizo ake pa mbali iyi ndikanawapatsa 3 ndi theka. Ndi olondola, sananame paliponse pomwe ndinayesa pa vesheni yatsopano, ndipo amabwera ndi pulogalamuyo ndiye magetsi akathima rauta n'kuzima ukhoza kuwawerengabe pa batire ya laputopu ndi git help config. Ndimaonanso kuti akupita patsogolo chaka ndi chaka, gawo la SCOPES kale kunalibe, ndipo mu 2.46 mu 2024 anakonza command yomweyo kuti uzilemba git config list, git config get, git config set zomveka bwino kuposa ma option akale. Koma izi zomwezo zikutanthauza kuti munthu wokopera git config set kuchokera pa malangizo a lero n'kukaika pa seva ya 2.34 akakumana ndi zomwe ndinakumana nazo, kungoti iye adzauzidwa ndi error. Theka lomwe ndachotsa ndi la kumwazikana, ndipo nyenyezi yathunthu ndi ya kamzere ka vesheni kaja.

Kwa anzanga amene mukuyamba kumene ntchito yoyang'anira maseva a anthu, ine zomwe ndasintha ndi izi. Ndikalowa pa makina achilendo ndimalemba git --version ndisanalembe china chilichonse, ndipo ndimawerenga man ya pa makina omwewo osati ya pa foni. Pa ma container ena man imakhala yochotsedwa kuti image ichepe, pamenepo ndimapita pa git-scm.com n'kusankha vesheni yofanana ndi ya mu container. Ndipo poyesa sindikhulupiriranso git config --list yokha, ndimapanga commit yeniyeni mu repo yoyesera n'kuona git log. Sikiripiti iliyonse yomwe imadalira GIT_CONFIG_GLOBAL pano ndimaiikira mizere ingapo pamwamba yoyang'ana vesheni, ikapeza yochepera 2.32 imaima n'kulemba chifukwa chake, kuti chenjezo lomwe Git yakale singapereke lizichokera kwa ine.

Commit yolakwika ija sinafike kutali, inali ya pa makina pomwepo ndipo ndinaifufuta, koma ndinamuuzabe mwini dzina uja zomwe zinachitika chifukwa ndi dzina lake. Kasitomala anavomera kuti seva ikwezedwe kupita pa Ubuntu 22.04 yomwe ili ndi Git 2.34.1, ndipo sabata yatha ndinachotsa zosintha HOME zija, ndinabwezeretsa GIT_CONFIG_GLOBAL, tokeni ndinaichotsa mu fayilo n'kuipititsa ku GIT_CONFIG_VALUE_0. M'mawa mwake ndinatsegula git log ndili pa minibasi, commit ya usiku inalipo, dzina la sikiripiti, nthawi yake 02:00.